Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Dzino ndi pepala la INR

M'gawo lapitali ndinakuuzani za mwendo wanga wamanzere, womwe unatupa ngati mtondo nditatsika basi yochokera ku Johannesburg. Magazi anali ataundana mumtsempha. Anandiyambitsa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, ndipo mwezi ndi mwezi ndinkatenga kabaza ku Chibavi kukapimitsa INR, yomwe imaonetsa nthawi imene magazi amatenga kuti aundane, kuti nambala ikhale pakati pa 2 ndi 3. Ndikachulutsa bonongwe kapena chisoso, inkatsika. Adokotala atandisinthira ku mankhwala ena otere otchedwa apixaban, piritsi la 5 mg m'mawa ndi madzulo, lomwe achimwene ankanditumizira kuchokera ku Joni, mtima unakhala pansi.

Ndiye kunabwera dzino. Unali mwezi wa June, kuzizira kwa Mzuzu kukulowa mpaka m'chibwano. Pa kachipatala kena ndinanena kuti ndimamwa mankhwala oletsa magazi kuundana. Ananditumiza kukapimitsa INR, pepala linabwera ndi 1.1.

"Mayi, magazi anu ali bwinobwino. Khalani apa tizule."

Palibe anandifunsa dzina la mankhwalawo, kapena nthawi yomwe ndinamwa. Ndinali nditameza piritsi maola awiri okha apitawo, ndi tiyi.

Usiku umenewo pilo anafiira. Ndinaluma thonje mpaka nsagwada kuwawa, mwana wanga akusintha beseni, akungoti, "Amama, tiyeni kuchipatala." Tinapita tambala woyamba asanalire.

Adokotala amene anandisoka nkhama ndiwo anandimasulira. INR anaikonzera warfarin. Apixaban amagwira chinthu chimodzi m'magazi chotchedwa factor Xa, ndipo akhoza kukhala wodzaza m'thupi INR ndi aPTT (kupima kwina kwa kaundanidwe ka magazi) zikuoneka ngati za munthu wosamwa kanthu. Rivaroxaban, mankhwala ena ofanana ndi apixaban, amaikwezako nambala ya INR, koma mosiyanasiyana malinga ndi mankhwala opimira a labu iliyonse. Chomwe chimaonetsa mlingo weniweni wa mankhwalawa m'magazi ndi kupima kwa anti-Xa, komwe sikupezeka paliponse. Anati pamene kulibe, dokotala amadalira ola la piritsi lomaliza ndi mmene impso zikugwirira ntchito.

Zimandiwawabe, chifukwa ine ndinanena, koma pepala analikhulupirira kuposa pakamwa panga. Sindinasiye kumwa, mwendo uja sindikufuna kuuonanso. Pachikuto cha buku langa la kuchipatala ndinalemba ndi bolopeni yofiira kuti APIXABAN, OSATI WARFARIN, ndipo ndikamapita kulikonse kokabayidwa kapena kudulidwa ndimalemba pansi pake ola lomwe ndamwa.