Madzi m'chipinda chapansi ndi kalata ya miyezi 6

Nyumba yathu ili kumunsi kwa msewu wotsetsereka kum'mawa kwa Johannesburg, m'dera la nyumba zakale lija lapakati pa Kensington ndi Bezuidenhout Valley, ndipo monga nyumba zambiri zomangidwa pamalo otsetsereka, ili ndi chipinda chapansi chimene theka lake linalowa m'nthaka. Pamene tinkagula nyumbayi chipindacho ndi chimene chinandikopa mtima, chifukwa ndinaona kuti makina anga osokera apeza pokhala ndipo lendi ya shopu ndasiyana nayo. Mphwanga, mwana wa mlongo wanga wa ku Mangochi, atabwera kudzaphunzira utelala, tinamuikira bedi momwemo kuseri kwa katani.

Usiku wina wa mu Febuluwale kunagwa mvula yamabingu yosakanikirana ndi matalala, ndipo sinathe ngakhale ola limodzi. Ndinadzidzimuka ndi kugogoda kwamphamvu pachitseko, mphwanga akuitana kuti, "Malume, dzukani, madzi adzaza pansipa." Nditatsika ndi tochi ndinapeza madzi amatope atafika m'maondo, mipukutu ya nsalu ikuyandama pamodzi ndi nsapato za mnyamatayo, makina awiri amagetsi atamira mpaka m'mamota, komanso mayunifolomu 40 a sukulu amene ndinayenera kupereka Lolemba atasanduka ofiirira. Pakona panali makatoni atatu a katundu wa anzathu a kumpingo amene ankadikira galimoto yopita ku Lilongwe, ndipo pansi pake panali patanyowa n'kubooka. Kutacha tinaona pamene madziwo anadzera. Pakamwa pa ngalande ya mumsewu, pafupi ndi geti lathu, panali patatsekeka ndi mchenga, masamba ndi mabotolo apulasitiki, chivindikiro chake chasimenti chitagwera mkati, moti madzi onse otsika ndi msewu analumpha m'mphepete n'kutsata kanjira ka galimoto mpaka pachitseko cha chipindacho.

Aliyense amene wakhalitsa mumzinda uno amaidziwa mvula imeneyi. Imabwera kuyambira cha mu Okutobala mpaka Malichi, kawirikawiri madzulo, ndipo imagwa yambiri m'kanthawi kochepa pamalo amene nthaka yake inakwiririka ndi phula, simenti ndi malata. Mzindawu unamangidwa pamtunda wa Witwatersrand, mamita oposa 1,700 kuchokera pamene pali nyanja, choncho madzi sachedwa, amathamangira kumunsi. Akumpoto amalowa mu mtsinje wa Jukskei n'kukathera mu Limpopo, pamene akum'mwera amatsata Klip mpaka mu Vaal. Ife tili kumbali ya Jukskei, mtsinje umene umayambira cha ku Ellis Park n'kudutsa m'ngalande zasimenti kumunsi kwathu usanakafike ku Alexandra. Amene analipo mu Novembala 2016 akukumbukira magalimoto atamira pamsewu wa N3 pafupi ndi mphambano ya misewu ya Gillooly's, ndiponso anthu amene anataya miyoyo tsiku limenelo. Poyerekeza ndi zimenezo zanga zinali zazing'ono, koma kwa telala makina ndiwo munda wake.

Ndinayamba ndi inshulansi, ndipo apa ndi pamene ndinaona kuti ndinkalipira chinthu chimene sindinachiwerengepo. Banki ikakubwerekani ndalama zogulira nyumba imafuna kuti nyumbayo ikhale pa inshulansi, koma inshulansi imeneyo ndi ya chimango cha nyumba: makoma, denga, zitseko, mawaya amagetsi ndi zina zomatirira ku nyumbayo. A inshulansi analipira pulasitala, chitseko ndi mawaya atachotsapo gawo limene mwini nyumba amayenera kudzilipirira yekha. Za makina, nsalu, bedi ndi makatoni aja anati ndi katundu wa m'nyumba, amene ali ndi inshulansi yakeyake, ndipo anawonjezera kuti ngakhale ndikanakhala nayo, zipangizo za bizinesi zimafunika kuzitchula padera. Sindinawatsutse chifukwa zinali zolembedwa. Amene akuona kuti kampani ya inshulansi yamukana mopanda chilungamo angathe kudandaula kwaulere ku National Financial Ombud Scheme, imene inayamba ntchito mu 2024, koma ine ndinalibe chokadandaula.

Chotsala chinali khonsolo. Maganizo anga panthawiyo anali ofanana ndi a anzanga onse amene anabwera kudzandipepesa: msonkho wa nyumba ndimalipira mwezi ndi mwezi, ngalande ndi ya khonsolo, madzi achokera mumsewu wa khonsolo, ndiye khonsolo ilipire basi. Mbali ina ya maganizo amenewa ndi yoona, chifukwa malamulo aakulu a dziko lino a mu 1996 anaika ngalande za madzi a mvula m'matauni pa mndandanda wa ntchito za makhonsolo. Komatu loya amene ndinakaonana naye anandikhazika pansi n'kunena kuti, "Bambo, mvula ilibe mwini ndipo khoti silingalamule munthu kulipira chifukwa chakuti kwagwa mvula. Chimene muyenera kuonetsa ndi chakuti iwo ankadziwa, kapena ankayenera kudziwa, za vuto la ngalandeyo, kuti akanatha kulikonza koma sanatero, ndiponso kuti kusakonzako ndi kumene kunalowetsa madzi m'nyumba mwanu."

Anandiuza za mlandu wa Cape Town Municipality v Bakkerud, umene khoti lalikulu la apilo linagamula mu 2000. Mayi wina anagwa ataponda pa dzenje la m'njira ya oyenda pansi ku Sea Point, ndipo ngakhale khonsolo inapezeka ndi mlandu, oweruza ananena momveka kuti palibe lamulo lakuti khonsolo izilipira pa dzenje lililonse kapena vuto lililonse la mumsewu. Nkhani iliyonse imayezedwa payokha, poona kukula kwa ngoziyo, kutalika kwa nthawi imene vutolo linakhalapo, ndiponso zimene khonsolo ikanakwanitsa kuchita. Pa nkhani ya madzi, khonsolo imakonda kuyankha kuti mvulayo inali yoposa imene ngalande zinapangidwira kunyamula, moti ngakhale ngalande ikanakhala yoyera madzi akanasefukirabe. Yankho limeneli si bodza nthawi zonse, ndipo kuligonjetsa kumafuna lipoti la injiniya, amene salemba ulere.

Chimene chinandipatsa poyambira sichinali changa ayi, koma cha mayi a kunyumba. Iwo ali ndi chizolowezi chimene ine ndinkachiseka, cholemba chilichonse m'kope la sukulu limene limakhala pamwamba pa firiji. Chivindikiro cha ngalande chija chitagwera mkati mu Seputembala, anaimba foni kukanena ku khonsolo ndipo analemba tsiku ndi nambala imene anapatsidwa. Anaimbanso mu Novembala, kenako mu Januwale, ndipo ulendo uliwonse nambala inalowa m'kope. Analinso ndi zithunzi zimene anaika pa gulu la WhatsApp la anthu a mumsewu wathu, pamene khansala wa dera nayenso amawerenga. Loya ataona kope lija anati manambala atatuwo ndi ofunika kuposa zithunzi zonse za madzi zimene ndinajambula m'mawa uja, chifukwa zithunzi za madzi zimangoonetsa kuti ndinavutika, pamene manambala amaonetsa kuti anauzidwa miyezi isanu vuto lisanachitike. Anandiuzanso kuti pansi pa lamulo la Promotion of Access to Information Act la mu 2000 ndili ndi ufulu wopempha zolembedwa zawo zosonyeza madandaulo amene analandira ndi masiku amene ngalandeyo inayeretsedwa.

Tsono pali nkhani ya nthawi, imene ndi chifukwa chenicheni chimene ndalembera zonsezi. Anthu ambiri amadziwa kuti mlandu wofuna chipukuta misozi umatha mphamvu pakadutsa zaka 3, malinga ndi Prescription Act ya mu 1969, ndipo inenso ndinkaganiza kuti ndili ndi nthawi yambiri. Sindinkadziwa kuti pali lamulo lina la mu 2002, lotchedwa Institution of Legal Proceedings against Certain Organs of State Act, limene limati aliyense wofuna kusumira nthambi ya boma, kuphatikizapo khonsolo, kuti imulipire pa zimene zawonongeka, ayenera kuyamba waipatsa chidziwitso cholembedwa pasanathe miyezi 6. Kalatayo iyenera kufotokoza mwachidule zimene zinachitika ndi zimene zinawonongeka, ndipo ku khonsolo imapita kwa manijala wa khonsoloyo. Kuimba foni si chidziwitso, kudandaula kwa khansala si chidziwitso, ngakhale kudzaza fomu ku ofesi ya madandaulo sikukutsimikizirani kuti mwakwaniritsa lamuloli. Ine ndinataya miyezi inayi ndi theka ndikuyendayenda ndi fomu, ofesi iyi ikunditumiza ku ofesi iyo, chifukwa khonsolo yathu inagawa ntchito zake ku makampani ake osiyanasiyana: ina imaona za misewu ndi ngalande za madzi a mvula, ina za madzi akumwa ndi mapaipi a zonyansa, inanso za zinyalala. Munthu akanena kuti madziwo ankanunkha amauzidwa kuti ndi nkhani ya mapaipi a zonyansa, akatchula mabotolo amauzidwa kuti ndi nkhani ya zinyalala. Ndikanachedwa masabata ena 6 kukaonana ndi loya, ndikanayenera kuyamba ndapempha khoti kuti lindikhululukire kuchedwako. Khoti lingakhululuke ngati zaka 3 zija sizinathe, ngati pali chifukwa chomveka, ndiponso ngati kuchedwako sikunaipitsire khonsolo mlandu wake, koma pempho limenelo ndi mlandu wina pawokha wodya ndalama zake. Kalata yathu tinaipereka pamanja kwa manijala wa khonsolo ndiponso ku kampani yoona za ngalande, ndipo konse kuwiri tinadindiritsa chidindo cha tsiku pa kope lathu.

Ndinkayembekezeranso kuti ndipita ku khoti la milandu ing'onoing'ono, kumene kulibe maloya ndipo malire a ndalama zimene munthu angasumire panthawiyo anali R20 000, koma khoti limenelo silimva milandu yosumira boma kapena khonsolo. Njira yake ndi khoti la majisitireti, limene pa mlingo wake wotsika (district) limamva milandu yofika R200 000. Amene alibe ndalama za loya angayese ku Legal Aid South Africa kapena ku Wits Law Clinic, kumene amayamba aona kapezedwe ka munthu asanamulandire.

Sindingabise kuti mbali ina ya vutoli inali yanga. Kutsogolo kwa chitseko cha chipinda chapansi kuli kangalande kakang'ono kokhala ndi zitsulo pamwamba, ndipo kameneko kali mkati mwa mpanda wanga, kotero kukayeretsa ndi udindo wanga. Usiku umenewo kanali kodzaza masamba a jakaranda ndi tizidutswa ta nsalu. Kuwonjezera apo, chaka chapitacho ndinathira simenti pabwalo lonse pamene kale panali udzu womwa madzi. Lamulo la Apportionment of Damages Act la mu 1956 limalola khoti kuchepetsa chipukuta misozi molingana ndi kulakwa kwa wodandaula mwini, choncho ngakhale nditapambana sindiyembekezera kulandira zonse. Mtengo wa katundu nawo sawerengera wa chinthu chatsopano cha m'sitolo, koma umene chinali nawo tsiku limene chinawonongeka, ndipo makina anga amodzi ndinagula akale kwa munthu amene anabwerera kumudzi osandisiyira lisiti. Zinatengera makaniko wa makina osokera kulemba kalata yoyerekeza mtengo wake.

Chimene chimandivutitsa maganizo kwambiri ndi cha mphwanga ndi eni makatoni aja. Munthu amafuna chipukuta misozi pa katundu wake, osati wa mnzake, choncho foni, zovala ndi matiresi a mnyamatayo sizikanalowa m'dzina langa, ndipo anafunika kutchulidwa payekha m'chidziwitso. Ambiri mwa Amalawi muno si eni nyumba. Amachita lendi m'zipinda zakuseri, m'magalaji ndi m'zipinda zapansi ngati chathuchi, kumene madzi amayambira kufika, ndipo inshulansi ya mwini nyumba siikhudza katundu wawo ngakhale pang'ono. Ufulu wopita ku khoti malamulo a dziko lino anaupereka kwa munthu aliyense, osati nzika zokha, komabe awiri mwa eni makatoni anakana kuti mayina awo alembedwe pa pepala lililonse lopita ku ofesi ya boma, ndipo sindinawafunse chifukwa chake. Ndinagwirizana nawo kuti ndiziwabwezera pang'onopang'ono kuchokera m'thumba mwanga, popeza katunduyo anamusungitsa kwa ine.

Pakali pano talandira kalata imodzi yokha, yonena kuti nkhani yathu yatumizidwa kwa oona za inshulansi ya khonsolo ndipo akuifufuza. Loya wandichenjeza kuti kalata yotereyi siimitsa zaka 3 zija, kotero tsiku lomalizira kupereka samani mayi a kunyumba alilemba ndi cholembera chofiira patsamba loyamba la kope lawo. Chivindikiro chatsopano anabwera kudzaika pa ngalande patatha masabata atatu chiperekereni kalata yathu, ndipo tsiku limenelo nalonso linalowa m'kope pamodzi ndi chithunzi. Makina amene ndinagula pangongole tsopano ali pa thebulo lokwezedwa ndi njerwa, nsalu zili pa mashelefu ofika m'chifuwa, ndipo mphwanga anasamukira m'chipinda chapamwamba. Mitambo ikayamba kuda chakum'mwera madzulo, iye amasiya zimene akusoka, n'kutenga fosholo ndi thumba la zinyalala kupita kugeti.