Kuchoka Pansi pa Mtengo wa Mango: Mbiri ya Galaji Yathu ya Magetsi a Galimoto Zakale

Mwezi uno tatsiriza kukhoma malata pa galaji yathu, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambireni ntchito muno m'tauni ya Mangochi, tikugwirira pamthunzi womwe si wa mtengo. Makasitomala athu akale akukumbukira kuti tinayambira pansi pa mtengo wa mango, tili ndi bokosi limodzi la masipanala, mita yoyezera magetsi ndi batire lobwereka. Ndaona kuti ndi bwino ndilembe kumene tachokera, makamaka za ntchito imene yatidziwitsa kwa anthu kuyambira ku Namwera mpaka ku Monkey Bay, yochotsa dayinamo, chida chotchajira batire, pa galimoto zakale n'kuikapo chida chamakono chotchedwa altaneta.

Luso limeneli ndinaliphunzira kwa amalume anga, amene anakulira m'masiku omwe Land Rover, Morris Minor, Peugeot 404 ndi mathirakitala a Massey Ferguson anali ponseponse. Galimoto zambiri za nthawi imeneyo zinkatuluka ku fakitale zili ndi dayinamo, imene ena amaitcha jenereta. Chidachi si choipa, koma mphamvu yake ndi yochepa. Dayinamo ya Lucas C40, imene inali pa galimoto zambiri za ku Britain, imatulutsa maampu 22 okha, ndipo amenewo amatuluka injini ikamathamanga. Galimoto ikaima injini ikulira pang'onopang'ono, monga mmene zimakhalira kudooko podikira kupakira usipa, batire silitchajidwa n'komwe, n'chifukwa chake kanyali kofiira ka pa dashibodi kamayaka. Woyenda usiku m'mvula, nyali zili zoyaka mawayipa akupukuta, amakhala akudya batire osadziwa, ndipo kukacha amafunafuna anyamata oti amukankhe. Kuwonjezera apo, magetsi onse a dayinamo amadutsa m'mabulashi awiri a kaboni, omwe fumbi la misewu yathu limawadya msanga.

Altaneta imagwira ntchito mosiyana. Mawaya otulutsa mphamvu sazungulira, chozungulira ndi maginito a pakati amene amangofuna magetsi ochepa, ndipo magetsi otulukawo amawongoledwa ndi madayodi, tizipangizo tolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha, asanafike ku batire. Popeza imapirira kuzungulira mothamanga kwambiri, imaikidwa pule (kagudumu kokolekapo lamba) yaing'ono, choncho imatchaja ngakhale galimoto itaima. Kampani ya Chrysler ya ku America inayamba kuika altaneta pa galimoto ya Valiant mu 1960, pomwe Land Rover anadzaikhazikitsa pa Series III ya 1971. Lucas 16ACR, yomwe timaikonda pa galimoto za ku Britain, imatulutsa maampu 34.

Tsiku limene ndinatsala pang'ono kutseka bizinesi sindidzaliiwala. Amalume anali atangopuma pantchito chifukwa cha maso, ndipo bambo wina wachikulire wa ku Namwera anatsika phiri ndi Land Rover Series IIA yake, imene inkanyamula chimanga ndi odwala a m'mudzi mwawo. Ndinakongola ndalama yogulira altaneta, ndinaimanga bwinobwino, koma chinthu chimodzi sindinachiyang'ane. Galimoto zambiri za ku Britain zakale, kuphatikizapo Land Rover zopangidwa chisanafike chaka cha 1967, zinkalumikiza pozitivi ya batire ku tchasisi, pomwe altaneta wamba imafuna kuti ku tchasisi kupite negetivi. Nditangogunditsa temino ku batire, moto unathetheka, waya wamkulu unafuka utsi, ndipo fungo la pulasitiki wopsa linadzaza pansi pa mtengo ponse. Madayodi anapsa nthawi yomweyo pamodzi ndi mawaya a kuseri kwa dashibodi. Bambowo anavula kofiya, nayang'ana galimotoyo kwa nthawi yaitali, kenaka anati, "Mwanangu, ana anga onse anatuluka m'chipatala ali makanda pa galimoto imeneyi. Usaiphe." Ndinayankha kuti, "Bambo, kulakwa ndi kwanga, ndipo sindikulipiritsani kanthu mpaka italira."

Zinanditengera masabata atatu kuluka mawaya atsopano ndi ndalama za m'thumba mwanga. Altaneta yachiwiri ndinakaigula kwa wamalonda wina ku Limbe amene analumbira kuti inali yatsopano, koma nditaimasula ndinapeza mabeyaringi otha, kunja kokha atapaka penti wasiliva. Wamalondayo akawerenga izi adziwe kuti chiyambire tsiku limenelo katundu aliyense timamutsegula wogulitsa akuona. Amene anandikongoza ndalama uja naye sanafune kumva za ngozi. Anabwera kudzanyamula makina anga otchajira mabatire ngati chikole, chikhalirecho theka la ngongole ndinali nditabweza. Masiku ano amatiimbira foni kutinyengerera kuti titengenso ngongole, koma ife tinapeza kale kwina kotsamira.

Land Rover ija inalira, ndipo mpaka lero imakwera phiri la ku Namwera nyali zili ngwee. Kuchokera pamenepo tili ndi ndondomeko imene sitiidumpha. Timayamba taona mbali ya batire yomwe yapita ku tchasisi, ndipo ngati ndi pozitivi timatembenuza batire, mawaya a pa koyilo ndi a pa mita ya maampu, tikatero timaonanso ngati wailesi ingapirire kusinthako. Bulaketi timaiwotcherera tokha, n'kuyeza ndi chitsulo chowongoka kuti mapule onse akhale pamzere umodzi, chifukwa lamba wopendekeka sachedwa kuduka. Waya wochoka ku altaneta kupita ku batire timaika wonenepa, popeza wakale uja anapangidwira mphamvu yochepa. Bokosi lakale la regyuleta, yomwe imachepetsa kapena kuwonjezera mphamvu yotchajira, timalisiya pamalo pake kuti galimoto isataye maonekedwe ake, koma ntchito yake imatha chifukwa altaneta ili ndi regyuleta yake m'kati. Kanyali kofiira kaja sitikachotsa, pakuti ndi kamene kamapatsa altaneta magetsi oyambira. Pomaliza timayeza mwinigalimoto akuona, ndipo mita iyenera kuonetsa mavolti a pakati pa 13.8 ndi 14.4. Chimene timachenjeza aliyense ndi chizolowezi chozula temino ya batire injini ikulira pofuna kuona ngati ikutchaja: pa dayinamo anthu ankatero, koma pa altaneta n'kuiononga dala.

Ndikuthokoza amalume anga, amene ngakhale maso anafooka amadziwa lamba wolefuka pongomva kulira kwake. Ndikuthokoza mayi a kunyumba, amene anagulitsa mbuzi zawo ziwiri m'masabata ovuta aja, komanso amayi a banki nkhonde ya kwathu amene anatikhulupirira popanda chikole. Anyamata anga awiri, achimwene owotcherera omwe tinkabwereka makina awo, madalaivala onyamula nsomba ku Makawa ndi ku nyanja ya Malombe, ndi eni mathirakitala amene amatiitana mpaka ku Makanjira, nonse zikomo kwambiri. Ndalama ya kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya zipangizo inakwera koopsa, koma inu simunatithawe. Bambo a ku Namwera aja, sikomo kwejinji, chifukwa makasitomala athu oyamba a m'dera lanu munatitumizira ndinu.

Ngati muli ndi galimoto kapena thirakitala yakale imene imafuna kukankha m'mawa uliwonse, bwerani nayo tiiyeze kwaulere musanagule batire lina. Zipangizo zikakhalapo ntchito imatha tsiku limodzi, ndipo mtengo timagwirizana tisanamasule bawuti ngakhale imodzi. Dayinamo yanu yakale timakubwezerani itatsukidwa, ndipo amene mukufuna galimoto ikhalebe monga inatulukira ku fakitale, dayinamoyo timaikonzanso, mabulashi ndi regyuleta yomwe. Timatsegula Lolemba mpaka Loweruka, kupatula masana a Lachisanu pamene anyamata amapita kumzikiti.