Selo Imadziwa Bwanji Choti Ikhale?

Sabata ino ndakhala ndikuwerenga za mmene maselo a mitsempha amapangikira mu mluza, ndipo funso limodzi landisowetsa tulo. Maselo onsewa ali ndi DNA yofanana. Nanga zimatheka bwanji kuti ina ikhale nyuroni (selo ya mitsempha yonyamula mauthenga m'thupi) yolamula minofu, inzake yoyandikana nayo n'kukhala ya mtundu wina?

Ine ndinkayesa kuti selo iliyonse imayamba ikudziwa kale ntchito yake. Ayi ndithu, imachita kuuzidwa.

Pofika kumapeto kwa sabata yachinayi, mluza wa munthu umakhala utapanga kachubu kotchedwa neural tube, kamene kadzasanduke ubongo ndi mtsempha waukulu wa mu msana. Pansi pa kachubuka pali kandodo ka maselo, notochord, kamene kamatulutsa puloteni yotchedwa Sonic hedgehog. Puloteniyi imamwazika ngati fungo: pafupi ndi pomwe ikuchokera imakhala yambiri, ukamatalikira imanka izilala. Selo yolandira yambiri imasanduka mtundu wina, yolandira yochepa mtundu winanso. Kumtunda kwa kachubuka nako kumachokera uthenga wake, wa mapuloteni otchedwa BMP. Ndinawerenga zimenezi katatu osamva kanthu, mpaka ndinajambula kachubuko papepala n'kukapaka pensulo, kumunsi kuderatu, kumtunda kumangoyera. Apo m'pamene zinandilowa: selo imadziwa pomwe ili poyeza kuchuluka kwa uthenga umene waifikira.

Koma chimene chandigwira mtima kwambiri ndi ntchito ya wasayansi wina wamkazi wachiyuda, Rita Levi-Montalcini. Malamulo osala Ayuda a mu 1938 atamutsekera khomo la yunivesite ku Italy, anakonza kalabotale m'chipinda chake chogona ku Turin n'kumafufuza miluza ya nkhuku. Anaona kuti ukachotsa kamphukira kamene kakanadzakhala chiwalo, manyuroni opita kumeneko amapangika ndithu, amakula, kenako n'kufa. Patapita zaka, iye ndi wasayansi mnzake Stanley Cohen anapeza puloteni yotchedwa NGF, yomwe ziwalo zimatulutsa kuti manyuroni ena amene azifikira asafe, ndipo mu 1986 analandira mphoto ya Nobel.

Ndiye kuti mluza umapanga manyuroni ochuluka kuposa ofunika, ndipo mwa olamula minofu pafupifupi theka amafa mwana asanabadwe. Izi ndinaziwerenga usiku, ndipo ndinakhala kaye chete kwa kanthawi ndikupinda ndi kutambasula zala zanga.