Tchaja ya ku Limbe

Popeza nkhaniyi yafika kale kwa amalume ku Dedza, ndipo kumeneko akuti ndinaotcha labu yonse, bola ndiifotokoze ndekha. Palibe chinapsa. Ndi manyazi okha amene ananditentha.

Nonse mukudziwa kuti pulojekiti yanga ya chaka chomaliza inali yoyeza partial discharge, tija timoto ting'onoting'ono timene timathetheka m'kati mwa pulasitiki yokuta kebulo mukatsalira kampata ka mpweya. Ndi maso simungatione, koma timadya kebulo ngati chiswe mpaka tsiku lina kebulo ya magetsi ya mavolti 11,000 n'kuphulika. Makina enieni oyezera timoto timeneti mtengo wake ungagule galimoto, ndiye ine ndinadzitama kuti ndipanga otchipa. Ndinayamba ndi Arduino Uno, kabolodi kotchipa kokhala ngati kakompyuta kakang'ono. Ameneyo amawerenga pafupifupi ka 10,000 pa sekondi, pomwe kamoto kathu kamabwera n'kupita m'mananosekondi, tizigawo ta sekondi yogawidwa ka biliyoni. Kunali kutuma agogo kuti akagwire kalulu. Kenako ndinabwereka Red Pitaya, kabolodi kofiira kochokera ku Slovenia kamene kamawerenga ka 125 miliyoni pa sekondi, ndipo ndinakulunga ndekha waya pa mphete ya ferrite, yooneka ngati maginito, kuti ikhale HFCT, kachipangizo komva timoto tija, kokoleka pa waya wa earth.

Tsiku loyamba lomwelo zinatheka. Timadontho tinaunjikana pa kompyuta milu iwiri yokongola, wina chakufupi ndi madigiri 90, wina chakufupi ndi 270 pa madigiri 360 a kuzungulira kumodzi kwa volti, ngati mmene zimaonekera m'mabuku. Ndinajambula n'kuika pa status ya WhatsApp. Mayi anayankha kuti Mulungu ndi wabwino, ngakhale ankaganiza kuti ndi chithunzi cha kuchipatala. Masabata atatu athunthu ndinkayenda pa sukulu manja ali m'thumba.

Tsiku loonetsa panali aphunzitsi anga, bambo wina woyesa mayeso wochokera ku sukulu ina, ndi madala athu a mu labu amene amasunga makiyi. Ine tayi pakhosi, chala pa sikirini, mawu ndakweza.

"Apa mukuona, bwana, kebuloyi ikudwala kwambiri. Ikanakhala pansi pa msewu, bwenzi nditauza anthu kuti asamuke."

Woyesa mayeso uja anagwedeza mutu, koma maso ali pa foni yake imene inkatha moto. Anayang'ana ekisitenshoni pansi pa tebulo.

"Achimwene, ndingazuleko tchaja iyi pang'ono?"

"Zulani, bwana, ndi yanga."

Anazula. Timadontho tonse zii.

Sikirini inayera ngati mbale yonyambita galu. Ine chala chidakali pomwepo, ndikuloza malo opanda kanthu. Bambo uja anayang'ana sikirini, anayang'ana tchaja ili m'manja mwake, kenako anaibwezera mwaulemu kwambiri, ngati akuika chopereka m'mbale. Timadontho tija mbwee, tabwerera. Anazulanso. Zii. Anabwezera. Mbwee. Anzanga amati anachita katatu, koma ine ndinalipo ndi mtima wanga wonse, anachita kosachepera makumi anayi. Anafika pomazula pang'onopang'ono, theka lokha, kuti aone pamene matenda a kebulo akuyambira. Anafika poitana aphunzitsi anga kuti nawonso ayeseko. Aphunzitsi anga, munthu wa madigiri ake, anagwada pansi pa tebulo ndi suti, kuzula n'kubwezera, kwinaku akusuzumira sikirini ngati mwana amene waona chitseko cha basi chikudzitsekula chokha. Nthawi yonseyi foni yanga inkalira kuti ting, ting, kuvomereza mlandu.

Ndinayesa kudziteteza. Ndinati mwina tchajayo ikungowonjezera pa zimene kebulo ikutulutsa kale. Apa m'pamene madala aja anatsokomola kuseri kwa mpanda wa waya.

"Pepani bwana, koma thiransifoma sindinayatsetu. Ndimadikira mundiuze."

Ndiye kuti kebulo imene ndinkafuna kusamutsira anthu inali itangogona, yopanda ndi volti imodzi yomwe.

Tsopano mverani mbali yanga, chifukwa enanu mwaseka mokwanira. Tchaja yotchipa ngati yanga, imene ndinagula pa msika ku Limbe, imakoka magetsi pokhapokha volti ikayandikira pamwamba penipeni, kawiri pa kuzungulira kulikonse kwa magetsi, amene amazungulira ka 50 pa sekondi, ndipo phokoso lake limayenda m'mawaya onse a m'chipindamo. N'chifukwa chake milu inali iwiri, pamalo ooneka ngati oyenera. Inanamiza ine, koma musaiwale kuti inanamizanso aphunzitsi amene anaona zithunzi zija n'kunena kuti zili bwino. Ndikuvomera kuti aliyense wowerenga IEC 60270, buku la malamulo oyezera timoto timeneti, amadziwa kuti umayamba wayeza phokoso la m'chipinda usanakweze volti. Tsamba limenelo ndinalidumpha. Koma labu tinkaipeza maola awiri okha, magetsi akakhalapo, ndipo munthu sungataye theka la ola ukuyeza chinthu chozima. Komanso foni yanga batire lake ndi lakufa, moti ndikangolowa m'chipinda chilichonse choyamba ndi kufuna soketi. Ndiye kebulo ndi tchaja sizinasiyanepo ngakhale tsiku limodzi.

Ndipo palibe amene akunena kuti kachipangizo kanga, ka waya wokulunga pamanja, kanagwira tchaja ili cha uko pansi pa tebulo. Woyesa mayeso uja ananena yekha kuti kali ndi makutu akuthwa. Zoona ananena akupukuta misozi, komabe ananena.

Andipatsa masabata awiri kuti ndibwereze zonse, foni ili kunja. Dzina loti Injiniya Tchaja ndalimva, musavutike kunong'ona. Tchajayo anatenga madala a mu labu kuti akaisunge ngati umboni, ndipo dzulo ndinaona akutchajira foni yawo.