Zomwe chigubu cha madzi chandiphunzitsa pa dzimbiri

Mawu akuti electrolysis, kutanthauza kupatula zinthu podutsitsa magetsi m'madzi, ndinawaloweza ndili Fomu 4. Anode, cathode, dzina la Michael Faraday ndi chaka cha 1834 chomwe anawafalitsa mawuwa, zonse ndinkazitchula ngati nyimbo. Kuzimvetsa kwenikweni kwadza mwezi wathawu, kuseri kwa galaja komwe ndikuphunzira umakaniko.

Abwana anandipatsa mabulaketi awiri a bampala ya Hilux yakale, dzimbiri lokhalokha, penti atatukumuka ngati khungwa la mtengo. Ndinalimbana nawo ndi sandipepa mpaka matuza, koma m'makona momwe dzimbiri limabisala osafikamo. Gulayinda amafulumira, vuto lake amadya ndi chitsulo chabwino chomwe. Madzulo ake abwana anangoti, "Mawa ubwere ndi chigubu chija, tiwatume madzi."

Tinadula chigubu cha pulasitiki cha malita 20, n'kuthiramo madzi ndi masupuni aakulu asanu a washing soda. Si soda wa thelere uja ayi, ngakhale ndi pachibale: wa thelereyo ukamuotcha mu uvuni wa madigiri 200 kwa ola limodzi amasanduka washing soda. M'mbali mwa chigubu tinaimika zidutswa za nsimbi yomangira nyumba, n'kuzilumikiza ku waya wofiira wa tchaja ya batire ya mavoti 12. Bulaketi tinalipachika pakati, losakhudza nsimbizo, n'kulipana ndi waya wakuda pamalo omwe tinapala mpaka kuwala.

Sipanathe mphindi, timathovu ting'onoting'ono tinayamba kutuluka pa bulaketi ponse, ngati madzi a nsima akamayamba kulira. Ndinanjuta pamenepo nthawi yaitali. Timathovuto ndi hydrogen, ndipo ndi timene timalowa pansi pa penti ndi makoko a dzimbiri n'kumazitukula. Kutacha, pamwamba pa madzi panali thovu lofiirira lonyansa, nsimbi zija zitadyeka, bulaketi litada bii. Ndi bulashi ya waya, zakudazo zinkangoyoyoka, penti n'kumasendeka ngati khoko la mbatata yophika. Nambala yomwe anadinda ku fakitale inaonekanso.

Bulaketi lachiwiri ndinapanga ndekha, ndipo ndinasemphanitsa mawaya. Patatha ola ndinapeza bulaketi likufiira, nsimbi ndi zomwe zikuyera. Apa m'pamene phunziro la Fomu 4 linandilowa m'mutu: chitsulo cha ku waya wofiira ndiye anode, chimadyeka, pomwe cha ku waya wakuda ndiye cathode, chimatetezeka. Nsimbi zija ntchito yake ndi kufera mnzake.

Pali zomwe abwana sanyengerera. Mchere wa m'ndiwo usalowemo, umatulutsa mpweya wa chlorine. Chitsulo cha stainless chisakhale ku waya wofiira, chimasiya chromium wapoizoni m'madzi. Chigubu chikhale panja, kutali ndi owotcherera zitsulo, pakuti hydrogen sachedwa kuyaka. Masipuling'i ndi mabawuti olimba sitiviika, chifukwa hydrogen amalowa m'chitsulo cholimba n'kuchichititsa kuti chizithyoka msanga. Zinyenyeswa za penti timazisefa n'kuzisunga m'chitini, poti penti wakale amatha kukhala ndi mtovu ndipo nkhuku za anthu zimadutsa pomwepo.

Chomwe chinandikhumudwitsa n'chakuti magetsi sabwezera chomwe chinapita. Pomwe dzimbiri linakumba panatsala timaenje, ndipo khutu limodzi la bulaketi linapezeka lopyapyala moti linafunika kuwotcherera. Ine ndimauona ngati ubwino wa njirayi, chifukwa imakuonetsa chitsulo mmene chilili usanachimangenso pa galimoto yonyamula anthu.

Chikangotuluka m'madzi, chitsulocho chimayambanso kufiira usanamalize n'kusamba m'manja komwe. Tsopano ndimachitsuka, kuchipukuta, kuchiyanika padzuwa la masana, n'kupaka pulaimala, penti woyamba woteteza chitsulo, tsiku lomwelo. Sabata ino m'chigubu muli limu la tayala losungira, ndipo ndikulitembenuza m'mawa uliwonse chifukwa mbali yoyang'anana ndi nsimbi ndi imene imayera msanga.