Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 6: Za Mlendo, Galu Amene Ndinamutola ku Masumba

Ndiyambe ndi kuthokoza nonse amene munalemba pansi pa gawo lapitali, makamaka amayi aja a ku Katete amene anandikumbutsa kuti chimanga chachikasu cha mu 1992 sichinavute ife a kuchigwa tokha, koma kuti nawonso a kumtunda ankadya nsima yake atakwinya nkhope. Ambiri mwandifunsa chifukwa chimene ndinalumphira imfa ya atate n'kungoyamba kufotokoza za moyo wa ku Kapata, mumzinda wa Chipata, ngati kuti mwana amachoka kwawo popanda chomuchotsa. Sindinaiwale ayi. Ndinailumpha dala, chifukwa m'nkhani imeneyi muli galu, ndipo amene anabweretsa galuyo pakhomo ndine.

Inu amene simunafikeko ku Mambwe, boma la kum'mawa kwa Zambia, muyenera kumvetsa kaye mmene tinkakhalira. Mudzi wathu uli m'mbali mwa mtsinje wa Lupande, m'dera limene anthu ndi nyama amakhalira limodzi, moyandikana ndi paki ya South Luangwa imene inakhazikitsidwa mu 1972. Papepala, mbali yathu ino malire a pakiyo ndi mtsinje wa Luangwa, koma njovu imangowoloka nthawi imene yafuna. Ng'ombe kwathu kunalibe chifukwa cha kashembe, choncho chuma chonse cha banja chinali mbuzi zingapo, nkhuku, ndi zimene zalowa m'nkhokwe. Masana tinkalimbana ndi anyani, kukada nguluwe zinkalowa, pakati pa usiku njovu, ndipo amene anali ndi madimba kufupi ndi madzi ankawonjezerapo mvuu. Chimanga chikangoyamba kukhwima, amuna onse ankasamukira pansanja za kumunda ndi zitini, nkhuni ndi miuni ya udzu, osagonanso m'nyumba mpaka kukolola.

Galuyo ndinamupeza pamsika wa Masumba chakumapeto kwa chaka cha njalacho. Kanali kagalu kooneka nthiti zonse, makutu odzaza nkhupakupa, kakunyambita pamene mayi wina anatayapo madzi otsukira mbale. Ndinakaponyera chidutswa cha chinangwa, ndipo kananditsatira njira yonse mpaka kumudzi. Atate, amene mukudziwa kale kuti sanali munthu wa mawu ambiri, anakayang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Iwe, galu ndi wa kumtunda kumene kuli ng'ombe. Kuno galu amaitana njovu." Kenako anamutcha Mlendo, amvekere mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ankayembekeza kuti pakatha sabata adzakhala atapita, koma sanapite.

Mawu a atatewo munthu aliyense wa kuchigwa amawadziwa. Galu akaona njovu amaithamangira akuuwa, njovu imapsa mtima n'kumutembenukira, ndipo galu akagwidwa ndi mantha sathawira kutchire, amathawira pamiyendo ya mbuye wake. Chifukwa cha zimenezi panaikidwa lamulo lakuti madzulo alionse, atate asananyamuke kupita kumunda, Mlendo azimangidwa ndi chingwe cha luzi pamtengo wa mango wa kuseri kwa nyumba. Ntchito imeneyo inali yanga, ndipo ndikunenetsa pano kuti sindinaiphonyepo.

M'mwezi wa Epulo 1993 chimanga chathu chinacha bwino, koyamba chichokereni chilala chija. Usiku umene ndikunenawu ndinali ndi malungo, moti sindinapite nawo kunsanja monga ndinkachitira masiku ena. Ndinammanga galuyo thupi likunjenjemera, n'kukagona. Zimene zinachitika kumunda tinazimva kwa bambo wa munda woyandikana ndi wathu, amene anaona zonse ali pansanja yawo. Njovu zinabwera zinayi ndi kamwana kamodzi, mwezi ukuwala. Atate anatsika kuti asonkhezere moto ndi kuyatsa muuni, akuimba chitini monga mwa masiku onse, ndipo njovuzo zinali zitayamba kale kubwerera. Pamenepo galu anatulukira pansi pa nsanja n'kulunjika kamwana kaja. Make analira kamodzi kokha, kulira kumene bamboyo ankati mpaka imfa yawo kunkawadzutsa kutulo, ndipo galu anatembenuka n'kuthamangira kwa atate.

Ndinafika kumunda kutangocha, ndikutsatira kulira kwa amayi. Atate anali atawafunditsa kale chitenje, ndipo akuluakulu sanandilole kuyandikira, choncho maso anga anagwera pa zinthu zina, zimene mpaka lero ndimaziona bwino kuposa nkhope yawo. Chitini chimene ankaimba chinali chitaphwatalala ngati chivundikiro cha poto. Patapata wawo mmodzi anali chiimire m'matope, chala chake chikuonekerabe pamene chinkaponda. Chapafupi panali mulu wa ndowe ya njovu, ikadali yofunda, ndipo mkati mwake munkaoneka njere za chimanga chathu chomwe, zosagayika n'komwe. Pansi pa nsanja panagona Mlendo, wopanda bala ngakhale limodzi, ndipo atandiona anayamba kugwedeza mchira.

Atate aang'ono, mng'ono wawo wa malemu, anatola mpini wa khasu n'kumupha pomwepo ine ndikuona. Za galuyo sindiwaimba mlandu, chifukwa mwina inenso ndikanakhala wamkulu ndikanachita chimodzimodzi. Chimene ndawasungira zaka zonsezi ndi mawu amene ananena atatha, akundiloza ndi mpini womwewo pamaso pa mudzi wonse: "Mwana uyu ndi amene wapha atate ake." Ndinali ndi zaka 12. Ndinayesa kunena kuti ndinammanga, koma mawu sanatuluke, ndipo amayi anangoweramitsa mutu.

Patapita masiku awiri a gemu anabwera ndi mfuti n'kuwombera njovu imodzi kutsidya kwa dambo. Ngati inali yomweyo kapena ina, palibe amene anafunsa. Mudzi wonse unapita ndi mabeseni ndi mipeni, ndipo sabata yonse ya maliro utsi wa nyama yowamba unali ponseponse, anthu amene anabwera kudzatilira akubwerera kwawo ndi mitolo pamutu. Sindikuwanyoza, pakuti anali atangochoka m'njala. Koma ine sindinailawe, ndipo fungo la nyama yowamba limandibwezera kumeneko mpaka pano. Chipepeso china chilichonse sitinalandire, ndipo theka la munda linali litapita.

Zotsatira zake mukuzidziwa kuchokera m'gawo lachisanu: mbuzi zinagawidwa, ine ndinatumizidwa kwa azakhali ku Chipata, sukulu, ntchito, ukwati. Zaka 16 zinadutsa ndisanapondenso m'munda umenewo.

Mu 2009 amayi anabwera kuno kudzaona mdzukulu wawo woyamba. Tsiku lina madzulo tili pakhonde, galu wa anansi athu anadutsa, ndipo anamuyang'ana mpaka anakhota. Kenako anayamba kulankhula osandiyang'ana. Anati, "Mwanawe, galu uja unammangadi. Anammasula ndi atate ako, ndipo amene anawauza kuti amutenge ndine." Nguluwe zinali zitavuta masiku atatu otsatizana, ine ndinali chigonere, ndipo iwo anaona kuti si bwino mwamuna wawo akhale yekha kumunda usiku wonse. Atate anakana kaye, amayi anaumirira, ndipo anapita naye. Ndinawafunsa chifukwa chimene anakhalira chete tsiku lija. Anayankha kuti, "Iwe unali mwana, akanangokunena basi. Ine akanati ndapha mwamuna dala, ndipo sindikudziwa ngati ndikanatuluka m'mudzi muja ndi moyo."

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mulemba kuti mayi weniweni sangasenzetse mwana katundu wotere. Musanalembe, kumbukirani mmene mkazi wamasiye ankaonedwera kumudzi masiku amenewo, makamaka mwamuna akafa imfa yadzidzidzi, ndipo kumbukiraninso kuti panali alongo anga awiri aang'ono amene ankafunika mayi. Ndinakwiya nawo miyezi ingapo, sindibisa. Koma mlandu wanga waukulu sunali ndi iwo. Unali ndi munthu wamkulu amene anaona mwana akunjenjemera ndi malungo pambali pa mtembo wa atate ake, n'kusankha kumuloza ndi mpini. Ana a atate aang'ono amawerenga zimene ndimalemba, ndipo mmodzi anandiimbira foni gawo lachinayi litatuluka kundipempha kuti za kubanja ndizisiye. Abale anga, sindinatchule dzina la munthu, koma bambo anu anamwalira osabweza mawu aja, ndipo ine ndilibe kwina kokawatula.

Kumudzi ndimapitako tsopano chaka ndi chaka. Zina zasintha. Anthu amaumba njerwa za ndowe ya njovu yosakaniza ndi tsabola n'kuzitentha m'mphepete mwa munda kuti utsi wake uzibweze, ena amamanga nkhokwe za simenti zimene chitamba sichingaphwasule, ndipo achinyamata ambiri, kuphatikizapo mwana wa mlongo wanga, amadya za malo ogona alendo a ku Mfuwe. Mwezi wa Novembala ukafika, anzanga a kuntchito amandionetsa pa Facebook njovu zikudutsa pakati pa loji kupita kukadya zipatso, n'kumati kwanu n'kokongola. Ndimavomera, chifukwa n'zoona. Chaka chatha ndinagona usiku umodzi pansanja ya mlamu wanga, m'munda womwe uja, ndipo chapakati pa usiku tinamva nthambi zikuthyoka kumunsi kwa dambo. Mlamu anatenga chitini, ine ndinayamba ndasuzumira pansi pa nsanja.

Gawo lotsatira ndidzafotokoza za azakhali ndi malonda awo a kapenta, monga munapempha.