Mabayiti 13 omwe asanduka function

Sabata ino ntchito yanga yamadzulo yasuntha. Pulogalamu yanga ya m'chinenero cha C tsopano ikutha kudzilembera function (kachigawo ka malangizo kochita ntchito imodzi) ili mkati moyenda, kuiika mu memory, kenako kuiitana ngati function ina iliyonse. Zonsezi ndikuchitira pa laputopu yakale ya purosesa ya x86-64 yokhala ndi Linux, nditavala juzi yokhuthala, poti June wa ku Katoto kuno sacheza.

Nkhaniyi inayambira pa golosale ya achemwali anga ku Chibavi. Ndinawalembera kapulogalamu kosunga mndandanda wa katundu: dzina, mtengo woodera, mtengo wogulitsira, ndi kuchuluka kwa zimene zatsala pa shelefu. Tsiku lina amafuna mndandandawo usanjidwe potengera mtengo, tsiku lina potengera zomwe zatsala pang'ono kutha. Mu C timasanja ndi qsort, ndipo qsort imafuna muipatse function yofananiza zinthu ziwiri. Function imeneyo imalandira ma pointer (ma adiresi a mu memory) awiri basi, mulibe pouzira kuti lero tiyang'ane gawo liti. Njira zachidule zilipo, monga global variable (posungira poonedwa ndi pulogalamu yonse) kapena qsort_r ya mu laibulale ya glibc, yomwe imalola kupatsira function chinthu choonjezera, ndipo kwa achemwali ndinaika qsort_r. Koma mtima wanga unakakamira pa njira yachitatu: kupanga function yomwe yabadwa ikudziwa kale gawo lake.

Ku Linux, pa x86-64, pali mgwirizano wotchedwa System V ABI. Umanena kuti choyamba chimene mwapatsa function chimafika mu register (kamalo kosungira nambala mkati mwa purosesa) ya rdi, chachiwiri mu rsi, ndipo yankho limatulukira mu rax, kapena eax ngati ndi nambala ya ma bit 32. Ukangodziwa zimenezi, function yanga ikhala malangizo atatu okha a purosesa, olembedwa ngati mabayiti mu hex (kawerengedwe ka manambala 16). Loyamba ndi 8B 87 kutsatana ndi mabayiti anayi a mtunda wa gawo lomwe tikufuna: tenga nambala yomwe ili pa mtunda wakutiwakuti kuchokera pamene rdi ikuloza, uike mu eax. Lachiwiri ndi 2B 86 ndi mtunda womwewo: chotserapo nambala ya kumene rsi ikuloza; yankho likakhala pansi pa ziro, qsort imaika chinthu choyambacho patsogolo. Lomaliza ndi C3, kubwerera kwa amene wakuitana. Onse pamodzi ndi mabayiti 13.

Pa mtunda paja ndi pamene pakundikoma kwambiri. Dzina la katundu ndinalipatsa mabayiti 32, ndiye mtengo woodera uli pa 32, wogulitsira pa 36, zotsala pa 40. Nambala 36 mu hex ndi 24, ndipo popeza purosesa iyi imayamba ndi bayiti yaing'ono, imalembedwa 24 00 00 00. Ndikasintha 24 kukhala 28, function yomweyo ikusanja potengera zotsala. Nditaona sopo, shuga ndi mafuta ophikira zikusinthana malo pa sikirini chifukwa cha kabayiti kamodziko m'malo ake awiri, ndinadzuka pampando. Kuchotsera kotere n'kotetezeka pano chifukwa mitengo sikhala pansi pa ziro ndipo siingafike 2,147,483,647. Pa nambala zina zilizonse pamafunika kufananiza bwinobwino, chifukwa yankho likhoza kusefukira.

Kulemba mabayitiwo si kovuta. Chovuta ndi malo owaika. Mukawaika mu memory ya malloc (njira ya masiku onse yopemphera memory mu C) n'kuwaitana, pulogalamu ifa pompo ndi segmentation fault, chifukwa memory imeneyo ndi yowerenga ndi kulemba, osati yoyendetsa malangizo. Purosesa yokha ndiyo imalondera zimenezi kudzera pa NX bit, chizindikiro choletsa kuyendetsa malangizo, imene AMD inabwera nayo m'ma purosesa ake a ma bit 64 mu 2003. Ndiye ndimapempha tsamba lathunthu la mabayiti 4096 ndi mmap, ndi chilolezo cha PROT_READ ndi PROT_WRITE. Ndikamaliza kulemba ndimaitana mprotect, kuchotsa chilolezo cholemba n'kuika PROT_EXEC. Zili ngati simenti ya pansi m'nyumba: ikadali yofewa mumaisalaza osaipondapo, ikauma ndi pamene mumayendapo.

Linux nthawi zambiri imalola kupempha zilolezo zonse zitatu kamodzi, ndipo zitsanzo zambiri zimachita choncho. Ine sindikugwirizana nazo. Tsamba lolembeka komanso loyendetseka nthawi imodzi ndi khomo lotsegula kwa aliyense wopeza kachibowo mu pulogalamu yanu. A OpenBSD anayamba kutsatira lamulo lotchedwa W^X (kulemba kapena kuyendetsa, osati zonse kamodzi) mu 2003 pa chifukwa chomwechi. Mzere umodzi wa mprotect suwawa.

Ndisanaitane function yatsopano ndimaiona kaye ndi maso. Ndimalemba mabayitiwo mu fayilo n'kuyendetsa objdump -D -b binary -m i386:x86-64, ndipo imandiwerengera mov, sub, ret. Ikaonetsa china, ndiye kuti pali bayiti yaphonya. Anzanga amene mukuyamba kumene, chizolowezi ichi musachisiye.

Pa Windows mabayiti omwewa sangagwire, ngakhale laputopu ikhale yomweyi. Kumeneko zoyamba ziwiri zimafika mu rcx ndi rdx, choncho 87 isanduka 81, 86 isanduka 82, ndipo memory imapemphedwa ndi VirtualAlloc ndi VirtualProtect. N'chifukwa chake pa ntchito yeniyeni anthu amatenga laibulale ya libffi, yomwe ctypes ya Python imadalira, chifukwa imadziwa migwirizano ya makina osiyanasiyana. LuaJIT, yoyendetsa chinenero cha Lua, ndi V8, yoyendetsa JavaScript mu Chrome, zimachita zomwe ndikuchitazi, kungoti izo zimalemba malangizo ochuluka zedi.

Chotsatira ndi kusanja potengera dzina. Pamenepo function yanga iyenera kuitana strcmp, function yofananiza mawu: kuika adiresi yake mu rax ndi 48 B8, kenako kuiitana ndi FF D0. Mgwirizano umafuna kuti stack (memory imene ma function amasungiramo zinthu zakanthawi) ikhale pa adiresi yogawika ndi 16 musanaitane, ndiye pafunika kutsitsa rsp, register yoloza stack, ndi 8 poyamba ndi kuibweza pomaliza. Ndikawoloka apo ndibwereka Raspberry Pi, kakompyuta ka purosesa ya ARM, kwa mnzanga wa ku Luwinga. Pa ARM ya ma bit 64 langizo lililonse ndi mabayiti anayi, komanso ukalemba uyenera kuitana __builtin___clear_cache, apo ayi purosesa ikhoza kuyendetsa zakale zimene inasunga kale.